Musanagule Nyumba Kumudzi, Loya Ayambe Waona Mapepala

Olemekezeka wapampando wa bungwe la Tithandizane, Bambo Ismail Mdala. Olemekezeka mlembi, Mayi Flora Kachale. Abale athu a ku Chipata ndi ku Lusaka, otsogozedwa ndi Bambo Mwila. Akuluakulu nonse, amene mwakhala motalikirana ndi mamasiki kumaso, ndi inu amene mwachokera ku shifiti molunjika kuno ku Al Thumama: ndakulonjerani.

Ndikuthokoza pondiitana, ine Olipa Nkhonjera, loya, kudzatsegulira desiki yothandiza ogula ndi ogulitsa nyumba kumudzi. Chichotsereni NOC, kalata ija ya chilolezo cha abwana posintha ntchito, ambiri mwasintha ntchito, malipiro akwerako, ndipo maganizo ali pa nyumba. Koma nyumba ili ku Malawi, inu muli ku Doha, ndipo ndege zikuvuta.

Chaka chatha, ndege zitaima chifukwa cha mliri, anandiimbira foni Bambo Edwin, mlonda wa ku Onaiza, amene andilola kunena nkhaniyi. Anapeza nyumba ku Chirimba. Akazi awo, Mayi Maness, anali ataiyendera chipinda ndi chipinda, ndipo wogulitsa ankafuna zithe Lachisanu.

A Edwin anati, "Mayi, nyumba ndaiona pa vidiyo. Ingondilemberani agirimenti basi, khalasi, zithe."

Ndinati, "Ndipatseni masabata awiri, tikaseche kaye ku Lands."

Mnzanga wa ku Blantyre atakafufuza, anapeza kuti taitolo inali m'dzina la malemu bambo a wogulitsayo, ana otsala anali atatu, ndipo alongo awiri sankadziwa kuti nyumba ikugulitsidwa. Ndinawauza a Edwin kuti asasaine.

Anati, "Zaka zisanu ndi chimodzi ndaimirira pa geti. Inu mukundilanda nyumba ndi pepala?"

Anadula foni, ndipo mwezi wonse sanandiyankhe. Nyumbayo inagulidwa ndi munthu wina amene sanafufuze. Alongo aja anapita kukhoti, khomo linatsekedwa, ndipo mlandu ulipobe lero. A Edwin anabweranso okha. Tinapeza ina ku Machinjiri, yocheperapo, denga lofunika kukonza, koma mapepala ake oyera, ndipo taitolo inatuluka m'maina awiri, lawo ndi la Mayi Maness. Ana awo akugonamo, ngakhale a Edwin eni ake sanaipondebe.

Ntchito ya loya ndi imeneyo: kutsimikiza kuti wogulitsa ndi mwini wake, kuti malo alibe chiletso, kuti mgwirizano ukunena zimene mwagwirizana, ndi kuti dzina lasinthidwa mwalamulo. Ogulitsa nawonso timawateteza, makamaka inu amene mumapatsa m'bale mphamvu zokusainirani muli kuno. Ntchitoyi ndi yochedwa, ndipo nthawi zina yankho lake ndi lakuti ayi.

Desikiyi izigwira ntchito Lachisanu lililonse masana. Bwerani musanasaine, chifukwa mukabwera mutasaina kale, chimene ndingakuuzeni ndi tsiku la kukhoti basi.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti desiki yathu yatsegulidwa tsopano.

Zikomo kwambiri.