Munapempherera Mphumu Imene Kunalibe

Abale ndi alongo mwa Ambuye, monile mose. Dzina la Yesu likwezeke!

Umboni uwu ndaulemba papepala chifukwa ndikudzidziwa. Ndikachita mantha ndimadumpha malo opweteka. Lero sindidumpha. Mtima ukuvina.

Ndiyambe ndi chimene ndabisa zaka zonsezi. Mwana wanga Tiwonge alibe mphumu. Sanadwalepo mphumu chibadwire.

Inu amayi a mumpingo muno munabwera kunyumba kwanga ndi nyimbo. Munagwada pasimenti, munamugwira pachifuwa, munalira kwa Mulungu. Munapempherera matenda amene ndinapeka ndekha. Ine ndinali pomwepo, ameni wanga akumveka kuposa wa aliyense.

Ndine NyaZimba, uja wa kalesitilanti ka pafupi ndi msika wa Lundazi. Tiwonge ndinamubereka ndisanamalize sekondale. Anabadwa wochepa thupi, ndipo mwezi ndi mwezi kusikelo mzere wa pakhadi lake unkangokwawa pansi. Tsiku lina kumudzi kwa Kapichila, apongozi anga anamunyamula ndi dzanja limodzi pamaso pa anthu, nati, "Aka ni kamwana kapena ni kambewa? Mwana sangalele mwana mnzake."

Anthu anaseka. Inenso ndinaseka, poti mpongozi sayankha. Koma mumtima ndinalumbira kuti palibe munthu adzanenenso kuti mwana wanga ndi woonda.

Bambo ake a Tiwonge, amene amayendetsa lole ndipo pakhomo amangoonekera mwa apo ndi apo, anandibwezera kusukulu. Ndinatenga satifiketi ya zophikaphika ku koleji ku Chipata, n'kutsegula kalesitilanti kaja. Chipisi, soseji, nkhuku yokazinga, vitumbuwa, zakumwa zotsekemera mufiriji. Choyamba kuvuulidwa m'mafuta chinali cha Tiwonge.

Mukudziwa kuti kuno kwathu munthu akati "wanenepa" ndiye kuti wakuyamikira. Amayi akamadutsa ankati, "NyaZimba, koma mwana mumusunga!" Abale, ine mowa sindinaulawepo. Koma mawu amenewo ndiwo anali mowa wanga, ndipo ndinkaledzera nawo tsiku ndi tsiku.

Ali ku pulayimale, tsiku lina anabwera kuchokera kumasewera a kusukulu ali wefuwefu, thukuta lili kamukamu. Ndinaona ngati thupi lonse limene ndinamanga ndi manja anga likusungunuka. M'mawa mwake ndinavala bwino, ndinapita kwa aphunzitsi ndi nkhope yachisoni, ndinawauza kuti mwanayu ali ndi mphumu, asamathamange. Sanandifunse pepala la kuchipatala. Ndani akanakayikira mayi wophunzira?

Bodza silikhala pamene walisiya. Kumjigo anasiya kupita. Kusesa ayi, fumbi lingamuyambitse. Mukwaya ya achinyamata anzake akuvina, iye ankaimba atakhala pabenchi. Chopweteka kuposa zonse n'chakuti iye mwini anakhulupirira. Akakwera kachitunda n'kuyamba kupuma mofulumira monga munthu aliyense, ankati, "Mphumu yayamba," n'kukhala pansi.

Kuti asasungulumwe ndinamugulira foni yaikulu. Anzake ali pabwalo, iye ali pampando kuseri kwa kauntala, chala pagalasi, mbale ya chipisi pamiyendo. Ine ndinkamuyang'ana n'kumati ndine mayi wabwino.

Chaka chatha khosi lake linayamba kuda cha kumbuyo. Ndinati ndi litsiro. Ndinamukhula ndi mwala wa kubafa mpaka analira. Silinachoke.

Kenako linafika tsiku lija achinyamata a mpingo uno anayenda ndi nyimbo kuzungulira boma. Tiwonge anandichonderera, ndinamulola monyinyirika. Ambiri mukukumbukira zimene zinachitika. Asanafike n'kumsika komwe anaona chizungulire, anagwa pamsewu. Mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi.

Kukiliniki tinapeza namwino, Sisita Mwale. Anamuyeza magazi pamkono, anamubaya chala, anamukweza tsitsi n'kuyang'ana khosi lija nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Amake mwana, mwati ali na mphumu. Anamupima kuti? Mankhwala ake opopela mukamwa ali kuti?"

Ndinasowa poyang'ana. Tiwonge anali gone pabedi, maso ali pa ine.

"Amama, auzeni," anatero.

Ndinati, "Alibe mphumu, Sisita. Ninanama."

Sisita sanandikalipire, ndipo mwina kukalipa kukanapepuka. Anangofotokoza mofatsa kuti magazi a mwanayu akuthamanga kuposa msinkhu wake, ndipo kuda kwa khosi si litsiro ayi, ndi chizindikiro chakuti thupi layamba kulimbana ndi shuga. Anati matenda a shuga sanamulowe, koma aima pakhomo. Anati nthawi yobwerera ilipo.

Kuyambira tsiku limenelo Tiwonge anasiya kundilankhula. Nyumba imodzi, khoma limodzi pakati pathu, koma ankandiyankha ndi uthenga wa pafoni basi. "Nadya." "Nagona." Mawu a mwana wanga ndinasiya kuwamva.

Munthu wolakwa amafunafuna womukankhira mlandu. Ine ndinapeza foni. Ndinailanda, ndinathamanga nayo kwa Sisita, ndinati, "Iyi ndiye yamuononga. Niiponya m'chimbuzi lelo."

Sisita anaseka mpaka anagwira tebulo. "Amake mwana, foni ndiye inali kukazinga chipisi?"

Ndiye anandionetsa chimene sindinkachidziwa. Ali ndi gulu la pafoni la achinyamata a m'masukulu a kuno. Foni yomwe ija imatha kuwerenga mapazi munthu akamayenda nayo. Madzulo aliyense amatumiza pagulupo mmene wayendera, ndi chithunzi cha mbale yake. M'mawa umabwera uthenga wowakumbutsa kunyamula botolo la madzi. Sisita amawayankha ndi mawu ojambula, pena m'Chitumbuka, pena m'Chinyanja, pena ndi nthabwala. Amene ali ndi timafoni ta mabatani amalandira mauthenga wamba. Malamulo ake ndi olimba. Kudzimana chakudya n'koletsedwa. Kusekana thupi n'koletsedwa. Nthawi yogona ikakwana foni imagona pabalaza, osati pansi pa pilo.

Ndinamubwezera foni, Tiwonge analowa m'gululo. Ndinati basi, Mulungu wayankha.

Koma abale, mverani mmene munthu wakale amavutira kufa.

Masiku oyamba Tiwonge anali kumapeto kwa gulu lonse. Ankabwera kuchokera koyenda mapazi atatuluka matuza, n'kudzitsekera kuchipinda. Ndinkamumva akufwenthera. Mantha anga akale anadzuka. Mwana wanga akuvutika. Mwana wanga asekedwa.

Kusukulu salola mafoni, choncho m'mawa ankaisiya panyumba. Ine ndinayamba kuiika m'thumba la epuloni. Kumsika kukagula kachewere wa chipisi, kubwerera. Kukatenga makala, kubwerera. Tomato ndaiwala, kubwereranso. Madzulo ndinkaibwezera pamalo pake mwakachetechete. Tiwonge anakwera mpaka pamwamba pa gulu. Anzake ankamulembera zomuyamikira, iye akudabwa kuti kayendedwe kake kochepa kaja kakuchuluka bwanji.

Tsiku lina anaweruka msanga. Analowa kukhitchini kwa lesitilanti ine ndikusenda kachewere, ndipo nthawi yomweyo foni inalira m'thumba langa. Kulira kwake ankakudziwa.

Anaima pakhomo. Kwa nthawi yoyamba chichokereni kukiliniki kuja, anandilankhula ndi pakamwa.

"Amama, munanamiza aticha. Munanamiza mpingo. Munaninamiza ine. Lomba mwayamba kunamiza na foni? Mufuna nikafe nili nambala wani?"

Mpeni unagwa m'manja. Ndinagwada pomwepo, pakati pa matumba a kachewere, mafuta akuthetheka pamoto. Ndipo Mzimu wa Mulungu unandionetsa chinthu chimene satifiketi yanga sinandiphunzitse. Zaka zonsezi sindinkadyetsa Tiwonge. Ndinkadyetsa kuseka kuja kwa kumudzi. Ndinkayankha apongozi anga ndi thupi la mwana wanga. Chimene ndinkachitcha chikondi chinali kunyada kovala epuloni.

Ndinalira ngati pamaliro. Ndinati, "Yesu, ndatopa kunama. Mwanayu ndi wanu, si mendulo yanga. Ndikhululukireni." Kenako ndinagwira mapazi a mwana wanga, matuza ali pomwepo, ndinamupempha andikhululukire.

Anatenga foni yake n'kutuluka.

Madzulo anandionetsa zimene analemba pagulu paja, pamaso pa anzake onse: "Mapazi aja sanali anga. Anali a amama." Mwana wa zaka khumi ndi zinayi anachita chimene chinandikanika ine zaka zonsezi. Ndinayembekeza kuti amuchotsa. Koma Sisita anayankha ndi mawu, ndipo tinamvetsera tonse awiri: "Tawonga chomene pa kunena zoona, Tiwonge. Ndiye kuti amama ako ali na miyendo yabwino. Muziyenda awili."

M'mawa mwake kutangoyera, kafoni kanga ka mabatani kanalira. Uthenga wochokera kuchipinda cha pafupi. Mawu awiri okha.

"Amama, tiyeni."

Aleluya! Abale, ndinavala nsapato zosiyana chifukwa cha liwiro. Tinatuluka, tinatsata msewu wopita kumidzi, mame ali m'maudzu, ng'ombe zikungotuluka kumene m'makola. Tsiku loyamba sanandilankhule. Tsiku lina anandiseka kuti ndimayenda ngati ndikuthamangitsa basi. Lero m'njira imeneyo ndimamva zonse, za masamu ovuta, za mnzake amene anakangana naye, ngakhale zina zimene mayi sayenera kubwereza mumpingo. Mulungu wandibwezera mawu a mwana wanga!

Ndi kukhitchini komwe kwasintha. Poti mbale imajambulidwa, Tiwonge safuna manyazi pagulu. Ndinakumbuka kuti ku koleji sanatiphunzitse kukazinga kokha. Tsopano pali chiwawa, masamba a maungu aja, chotendera nshawa, nyemba, delele, mbatata yophika, ndi zipatso za nyengo yake. Chipisi ndimagulitsabe, sindinama, koma sichilinso chakudya cha tsiku ndi tsiku cha mwana wanga. Madalaivala ena amandiseka. Wina anati, "NyaZimba, masamba onsewa, mwatiyesa mbuzi?" Koma mbale anaipukuta ndi chala. Ndipo anzake a Tiwonge a pagulu paja amafunsa kuti nyemba zimenezo amama ako aphika bwanji, ine n'kumawajambulira mawu.

Sabata yatha munamuona nokha. Uja anali kutsogolo kwa kwaya, akuvina mpaka fumbi, ndi yemwe uja wa pabenchi. Kusukulu walowa timu ya netibo. Titapitanso kukiliniki, Sisita anati kuthamanga kwa magazi kwatsika, ndipo khosi lija layamba kuyera lokha popanda mwala. Tiwonge sanasanduke bango ayi. Ndi wathupi ndithu, monga a kwa bambo ake. Koma ndi thupi lamphamvu, lopuma bwino. Mulungu ndi wabwino!

Komabe si zonse zili myaa. Ndamva manong'onong'o. Ena akuti mwana wa NyaZimba watsika thupi, kodi si matenda aja? Ena akuti lesitilanti ikugwa, chakudya chasowa pakhomo. Kale mawu otere akanandithamangitsira ku chiwaya cha mafuta. Lero andiimiritsa pano kuti ndinene zoona.

Mwezi watha tinapita kwa Kapichila. Apongozi anamuzungulira mdzukulu wawo, anamugwira mkono, nati, "Mwana mwamumana vichi?" Tiwonge sanatsutse. Anangotenga ndowa yawo, anapita kumjigo, anabwera atasenza yodzaza osapumira panjira. Agogo ake anayang'ana ndowayo, anayang'ana ine. Sananene kuti ndachita bwino. Pobwerera anatipatsa nkhuku, nati akabwezere thupi. Ndinalandira ndi manja awiri. Tinaiphika ndi tomato, sitinakazinge.

Tsopano ndikukupemphani. Amayi amene munagwada pasimenti panga, ndikhululukireni. Mapemphero anu sanapite pachabe. Munapempha kuti mwana wanga apume bwino, ndipo Mulungu anadziwa chimene chinkamutsamwitsa. Sichinali m'chifuwa mwake, chinali mumtima mwa mayi ake.

Ngati alipo wina pano amene akusunga bodza n'kumalitcha chikondi, bwera nalo kwa Yesu lero. Ndi lolemera, ndikulidziwa. Ukalitula, ngakhale miyendo imapepuka.

Ndipo Loweruka m'mawa tikumane pabwalo la tchalitchi lino. Bwerani ndi ana anu. Wa foni yaikulu abwere nayo, wa mabatani abwere nayo, wopanda foni abwere ndi miyendo. Sisita Mwale wavomera kubwera kudzaonetsa makolo mmene gululi limayendera, kuti pasakhale kholo lokayikira zimene mwana akuchita pafoni. Tikatero tiyenda limodzi.

Chinthu chimodzi chokha chimandisowetsabe mtendere. Ena mwa akulu anga mumpingo muno mwandilangiza kuti foni m'manja mwa mtsikana ndi khomo la woipayo, ndimulande. Ndikumvetsa, ndipo mantha amenewo inenso ndili nawo. Koma ndamusiyira. Ndiponso lero ndayala nkhani yake pamaso panu, ngakhale iye mwini anavomera, nati, "Kambani vonse, amama, osasiyako."

Kodi ndachita bwino? Ndikufunsa moona, chifukwa kale sindinkafunsa munthu, ndipo mwaona kumene zinatifikitsa. Musandiyankhe pano pabenchi. Mudzandiyankhe Loweruka tili m'njira. Koma muvale nsapato zabwino, chifukwa wotsogolera ndi Tiwonge, ndipo masiku ano sadikira munthu.

Ulemerero kwa Mulungu. Ameni!