Homuweki Yopanda Bodza

Lolemba m'mawa, mwana ali kubafa, ndinapeza m'chikwama mwake homuweki yosalemba: ziganizo zisanu za Chingerezi zokhala ndi mneni "have". Sabata yatha aphunzitsi anamuimika kutsogolo kwa kalasi mpaka analira, ndiye ndinakokera bambo ake, akalipentala, patebulo kuti timukonzere zoti akopere.

"Ine ndizinena, inu muzilemba m'Chingerezi. Choyamba: ndili ndi galu."

Pensulo inaima m'malere. "Galu uti?"

"Aliyense! N'chitsanzo chabe."

"Eni nyumba amakana agalu. Akamva?"

"Amva bwanji? Amachonga makope ndi iwowo?"

"Mwana wanga salemba bodza."

"Chabwino. Mneni yemweyo amagwiranso ntchito pa matenda. Lembani: mutu ukundiwawa."

Anadzambatuka, mpando n'kugwa. "Ukumuwawa? Chiyambire liti?"

"Khalani pansi, inu! Mwana ali bwinobwino."

"Ndiye mukumuitaniranji matenda?"

"Mayo ine! Za chakudya nanga: ndimadya dzira m'mawa uliwonse."

"Uliwonse? Lachinayi anadya buledi."

"Aphunzitsi analipo Lachinayi?"

"Ine ndinalipo. Thabwa sindilidula ndisanaliyeze, amayi ake."

Kubafa madzi analeka kumveka. Ndinayang'ana wotchi.

"Bambo ake, ndakugwirani mwendo. Aphunzitsi sachonga moyo wathu, amachonga Chingerezi basi. Ana onse amangopeka. Lembani chilichonse!"

"Chilichonse? Ndiye ndilemba zoona zokhazokha."

Anasuzumira pansi pa tebulo, n'kuwerenga miyendo ndi chala, n'kulemba kuti ili inayi. Anapita kukawerenga mawindo. Analemba kuti bambo a mwanayu ali ndi sowo, kenako n'kuonjezera kuti ndi yobuntha. Zitseko anachita kuzigwira chimodzichimodzi. Pa chachisanu anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, akumwetulira.

Ndinasuzumira paphewa pawo. Anali atamulembera mwana kuti: "Amayi anga adzakhala ndi khanda chaka chino." Nkhani yoti ngakhale amayi anga ondibala sindinawauze!

"Fufutani!"

"Chingerezi chalakwika?"

"Chakhoza, koma zimenezo sanena!"

"N'zabodza?"

"N'zoona, n'chifukwa chake! Aphunzitsi akawerenga, pofika masana mayi aliyense pageti la sukulu azindiyang'ana pamimba!"

Anapachika pensulo kukhutu, n'kundisisita paphewa.

"Mtima m'malo, amayi ake. Angakhulupirire ndani za m'homuweki?"