Maliro Achiwiri a Bambo Bernard Kamtedza

Amene tikuwaika m'manda lerowa ndi bambo Bernard Wyson Kamtedza a m'mudzi wa Msampha, kuno ku Mtakataka m'boma la Dedza. Anabadwa pa 14 Malichi 1941. M'banja mwawo anabadwa awiri, iwo ndi mlongo wawo mayi Elizabeti.

Sukulu anayamba mu 1950 ku Mua Mishoni, ndipo analekeza Sitandade 6 mu 1957. Mu 1960 anapita ku Limbe kumene anaphunzira kuyendetsa malole. Pa 8 Seputembala 1962 anamanga ukwati woyera ndi mayi Sabina. Mulungu anawapatsa ana awiri: Prisca mu 1963 ndi Victor mu 1965.

Ndale zitavuta, malemuwa anathawira ku Tanzania mu Febuluwale 1965. Mu Okutobala 1967 anali nawo m'gulu la othawa kwawo limene linalowa m'dziko muno ndi mfuti kudzera ku Mwanza. Gululo linagonja. Ena anaphedwa, ena anagwidwa, koma iwo anapulumukira ku Mozambique nabwerera ku Tanzania.

Akuluakulu mukukumbukira kuti pa 19 Novembala 1967 mudasonkhana pamanda ano kuika bambo Bernard. M'bokosimo munali thunthu la nthochi, monga timachitira thupi likasowa. Mayi Sabina anameta, navala zakuda chaka chathunthu. Apolisi amene ankabwera pakhomopo sabata ndi sabata analeka kubwera. Mayiwa anakana amuna onse amene anawafunsira, ndipo analera ana ndi khasu lawo.

Ku Tanzania malemuwa anagwira ntchito yoyendetsa lole ku Mbeya. Asilikali a Uganda atalanda dera la Kagera mu 1978, lole yawo inatengedwa kuti izinyamula katundu wa nkhondo. Anayenda nayo mpaka ku Kampala mu Epulo 1979. Paulendowu ananyamulanso anthu a ku Uganda amene ankabwerera kwawo ndi mfuti, monga iwo anayesera mu 1967. Khutu lawo lakumanzere linagontha ndi mzinga. Ankanena kuti anzawo aja anafikadi kwawo, koma ambiri anapeza midzi yopsa, osadziwa woti n'kumupatsa moni. Kuyambira pamenepo sanagwirenso mfuti.

Anabwera kuno pa 6 Ogasiti 1994, patapita zaka 29. Apa m'pamene zinadziwika kuti mayi Sabina ankadziwa zonse kuyambira pachiyambi. Pamenepo n'kuti mayi awo a malemuwa, a Namaliya, atamwalira kale mu 1981, akulirabe mwana amene anali moyo. Nkhaniyi inagawa banja. Chiyambire 1994, mayi Elizabeti sanapondepo pakhomo pa alamu awo.

Zaka zotsatira malemuwa ankalima mpunga ndi thonje. Anabwerera ku masakaramenti mu 1995, ndipo anali msungamakiyi wa tchalitchi cha mphakati wawo zaka khumi ndi ziwiri. Anayamba kudwala matenda othamanga magazi mu 2006. Mu Disembala 2008 anafa ziwalo mbali imodzi. Amwalira pa 3 Juni 2009 ku chipatala cha Mua, ali ndi zaka 68.

Pa 30 Meyi, pamaso pa mboni ziwiri, anatiuza mawu awa kuti tiwawerenge pano osachotsapo kanthu:

"Uthenga woti ndafa ndinatumiza ndine, kudzera mwa a Adamu ogulitsa nsomba. Ndinalumbiritsa Sabina kuti asauze munthu, ngakhale amayi. Mu 1980 anatumiza mawu kawiri kupempha kuti awauze amayi chifukwa anali kudwala. Kawiri konse ndinakana, poopa kuti mudzi wonse ungamangidwe. Achemwali, mlanduwu ndi wanga. Ndinachita manyazi kukuuzani ndili ndi mphamvu. Mtanda wakale musazule. Mulembepo chaka chino pansi pa 1967, chifukwa kwa amayi ndinafadi chaka chimenecho."

Tachita monga ananenera. Manda akumbidwa pambali pa oyamba aja, moyang'anana ndi a mayi awo.

Malemuwa asiya mkazi wawo mayi Sabina, ana awiri, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, zidzukulutudzi zitatu, ndi mlongo mmodzi, mayi Elizabeti, amene anamva mawuwa dzulo ndipo lero akhala pa mphasa imodzi ndi alamu awo.

Ulendo uno thupi lilimo m'bokosi. Bambo Bernard Wyson Kamtedza apumule mu mtendere.