Chitini cha Vanishi Wopanda Fungo

Ine, amene onse amanditchula kuti a Misomali, wa zaka 76, kalipentala, wokhala nyumba yachitatu kuseri kwa msika, ndabwera kupolisi kuno kudzadandaula kuti vanishi amene anandigulitsa wandiphera mkazi. A Sajeni alembe choncho, asafewetse.

Akazi anga anali ndi mphumu. Mwezi watha anagonekedwa m'chipatala masabata awiri. Ali komweko ndinakonza bedi lathu, ndinalipala pamodzi ndi kabati ya zovala, chifukwa kwa zaka zambiri ankandinena kuti ndimakometsa nyumba za eni, kwathu tikugonera bedi lolira ngati mbuzi.

Lolemba m'mawa ndinapita kushopu ya utoto, ulendo wa mphindi khumi wapansi. Mwini shopu, amene timamutcha Wamagalasi, anandionetsa vanishi watsopano. Anati alibe fungo, ndi wabwino m'nyumba ya wodwala, ndipo anayesedwa. Anandilozera chidindo chobiriwira pachitini. Ndinatsegula n'kununkhiza, fungo linali losamveka. Pansi pa chidindocho panali malemba ang'onoang'ono. Ine kusukulu sindinapondeko. Anafunsa ngati andiwerengere, ndinamuyankha kuti vanishi ndinayamba kupaka iye asanamere mano.

Lachiwiri ndinapaka kawiri, m'chipinda momwemo, poti kabati situluka pakhomo. Ndinatseka zenera ndi chitseko, m'mipata n'kutsekamo sanza. Ndi mmene timachitira, kuti fumbi lisamatire. Lamulo la ntchito yathu ndi mphuno: fungo likatha, munthu alowe. Zaka makumi asanu mphuno yanga inali isanandinamizepo.

Lachitatu cha m'ma 11 koloko m'mawa, mwana wathu wamkazi anabwera nawo amayi ake kuchokera kuchipatala. Amayi akewo analowa kuchipinda, anagwedeza bedi, silinalire. Anati, “Bambo ake, ndiye mumadikira kuti ndiyambe ndadwala?” Ndinawauza kuti agonepo aliyese. Anapempha kuti nditsegule zenera. Ndinakhudza chitseko cha kabati, chinali chikumata pang'ono. Ndinati zeneralo lidikire mpaka madzulo. Anati, “Inu ndi matabwa anuwo.” Anaseka, n'kugona. Inali cha m'ma 1 koloko.

Ine ndinakhala pakhonde, mapazi khumi kuchokera pazenerapo, ndikunola sowo. Cha m'ma 3 koloko mwana anawatengera madzi, ndinamva mwanayo akundiitana. Ndinawapeza amayi ake ali pansi pakati pa bedi ndi chitseko, mankhwala awo opopera m'kamwa ali m'manja. Tinathamangira nawo kuchipatala pagalimoto ya oyandikana nawo nyumba. Isanakwane 4 koloko dokotala anatuluka, anafunsa ngati mwamuna wawo ndine, n'kundiuza kuti ndikhale pansi.

Tinaika maliro Lachisanu. Lamlungu mwana anatenga chitini n'kuwerenga mokweza, osandiyang'ana. Malembawo akuti mazenera akhale otsegula tsiku limodzi, kenako munthu akhoza kugonamo. Pachidindo akuti anayesa ndi eni fakitale okha, kufakitale kwawo komweko. Chiyambire tsikulo mwana amandipatsa moni basi.

Lachiwiri lapitali kunabwera Wamagalasi ndi amuna awiri a kufakitale. Anapepesa maliro. Wamkulu wawo, wadazi, anati mphumu ndi mphumu, imatenga munthu ngakhale panja. Kenako anapempha chitinicho kuti akachiyese, andisiyire china chatsopano. Ndinawauza kuti mpando sauyesa amene waukhoma, amakhalapo ndi wina. Wadaziyo anati, “Agogo, zinthu izi simungazimvetse.” Ndinati chimene ndikumvetsa n'chakuti bedi lili m'nyumbamo, woligonera mulibe. Anatambasula dzanja kuti anyamule chitinicho, ndinachipondetsa ndi phazi. Ananyamuka.

Chitinicho ndabwera nacho. Mwatsala theka. Ndachimanga ndi waya, pachivindikiro ndakandapo mizere itatu ndi msomali kuti ndidzachizindikire. Ndabweretsanso thabwa limodzi la kabati. Chipinda ndachikhoma, sindinasesemo, ndikugona kushedi kumene ndimapalira matabwa.

Kuti ndinakana kutsegula zenera, ndanena ndekha, palibe wandikakamiza. Ngati oyesa apeza kuti vanishi ndi wabwino monga chidindo chikunenera, ndiye kuti wowapha ndine, ndipo m'chitokosi ndidzalowa ndi miyendo yanga, osandimanga unyolo. Ngati apeza zina, mwana wanga amve kuchokera kwa iwo, chifukwa za ine sakumva.

Inu a Sajeni amene mukulemba, chitinichi musachipereke kwa a kufakitale, musachiikenso m'chipinda chanu chosungiramo katundu kuti chiumire momwemo. Muchinyamule nokha sabata ino, mukachipereke kwa oyesa amene sadya za fakitaleyo. Ine ndidzakhala pabenchi lili panjapo tsiku lililonse mpaka mutapita.

Zomwe ndikudziwa zathera pamenepa.

Chala cha wodandaula: ______________
Wolemba umboni, Sajeni: ______________