Nkhadze ya pamanda a mwana wanga

Aulutsi, ndine mayi wa kuno ku Milange. Ndiwerengereniko nkhani yangayi, chifukwa pakamwa imandikanika.

Pothawa nkhondo kupita ku Malawi, mwana wanga wamkazi wa miyezi isanu anamwalira ali kumsana, tisanawoloke mtsinje. Ine ndi bambo ake tinakumba ndi chikwanje m'chigwa momwemo. Ndinathyola nthambi ya nkhadze n'kuizika kumutu kwa manda, kuti pobwerera ndidzapadziwe.

Mtendere utabwera tinabwerera kwathu, koma m'chigwamo munali mabomba okwirira pansi. Bambo ake anamwalira asanapondemonso. Mabomba atachotsedwa, boma linaletsa kudulamo mitengo, ndipo anthu anayamba kupitako kukasambira ndi kukamva mbiri ya malowo.

Amayi a kumpingo atakonza ulendo wopita kuchigwako, ndinapita nawo nditanyamula kakhasu kolambulira manda. Anzanga ali m'madzi kuseka, ine ndinapita kwa mlonda wa nkhalangoyo.

"Achimwene, kumtunda kwa powolokera kuli nkhadze imodzi. Ndiperekezeniko."

"Imodzi, amayi? Tiyeni mukaone."

Ndinapeza nkhadze zili mbwee mpaka m'munsi mwa phiri. Aliyense amene anaika wake pothawa anachita zomwe ndinachita ine. Ndinazungulira mpaka miyendo kulema, yanga osaidziwa. Kenaka ndinangogwada pa nkhadze imene inali pafupi, n'kulambulapo ndikutchula dzina la mwana wanga.

Inu opita kukasangalala kumeneko, sambirani, palibe wokuletsani. Koma mukaona pamene palambulidwa, musapondepo. Mwina mayi wina nayenso analambula pa mwana wanga, akumuyesa wake.