A Telala ndi Kabotolo ka Malovu

Amene tikuwaperekeza lero ndi bambo athu, omwe ambiri munkangowatchula kuti a Telala. Anabadwa m'chaka cha 1952, koma tsiku lake ndi kwawo kwenikweni palibe akudziwa. Anapezeka ali khanda pa benchi ya chipatala, atakulungidwa m'thaulo, ndipo namwino amene anawatola ndiye anawalera ngati wobala yekha.

Sukulu analekezera kupulayimale, n'kuyamba kuphunzira kusoka pakhonde la sitolo. Anakwatira mayi athu mu 1977. Anapalasa makina zaka makumi anayi. Kutchalitchi ankasoka mayunifolomu a kwaya, ndipo ankaseka kuti akhristu amawadziwa bwino kuposa abusa, poti tepi yoyezera sinama. Koma wina akawafunsa kwawo, nthabwala zinkathera pomwepo. Ankangoluma ulusi n'kuyang'ana pansi.

Chaka chatha, matenda a impso atayamba, mwana wawo wamkazi anawabweretsera kabotolo koti alavuliremo, malovuwo akapimidwe DNA kuti adziwe kumene anachokera. Kabotoloko kanakhala m'dirowa ya makina miyezi iwiri. Mayi athu atawafunsa, bambo anati, "Nanga abalewo akapezeka, n'kundikananso kachiwiri?"

Kenaka analimba mtima, n'kutumiza kabotoloko. Zotsatira zinabwera pafoni, ndi mapu osonyeza mmene makolo a makolo awo anayendera zaka zikwi zambiri zapitazo, kudutsa nkhalango ndi mitsinje, m'badwo ndi m'badwo. Anawayang'anitsitsa mapuwo, n'kunena kuti anthu oyenda ulendo wotere sakanalephera kugwetsa mwana mmodzi panjira.

Koma m'munsi mwake munalinso china. Panapezeka mayi wina, amene naye anapimitsa, ndipo zinkasonyeza kuti ndi mlongo wawo wa bere limodzi. Kalata yopita kwa mayiwo analemba kanayi, n'kumang'amba. Yachisanu ndiyo tinatumiza. Atagonekedwa m'chipatala, foni ya aliyense ikalira ankadzidzimuka, kufunsa ngati ndi mlongo wawoyo. Chakudya chinkawakanika, osati chifukwa cha matenda okha.

Anatisiya Lachiwiri m'mawa, yankho lisanabwere. Mpaka pano silinabwere. Uthenga wa maliro tatumizanso, koma sitikudziwa ngati wawerengedwa, ndipo nkhope ya mayiwo sitikuidziwa. Inu mlongo wa bambo athu, ngati muli pakati pathu pano, musaope. Bambo analibe nanu mlandu. Mpando takusungirani kutsogolo kuno.

Malemu asiya mkazi, ana anayi, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndi mlongo mmodzi amene sanamuonepo.

Ulendo wawo wathera pano. Apumule mu mtendere.