Nkhonya ya Gumula ndi Kalata ya Komiti

Olemekezeka a DC a boma lathu la Chama, olemekezeka oimira mafumu, abusa, a hedi ndi aphunzitsi, makolo, ana athu, komanso inu a komiti ya makolo amene mwakhala kutsogolo pamthunzi, ndakupatsani moni nonse.

Ine Jestina, woyang'anira maphunziro, mwandiitana kudzatsegula labotale iyi, ndipo ndikuthokoza onse amene anaumba njerwa ndi kutunga madzi. Koma m'chikwama mwangamu muli kalata. Anailemba ndi a Bornwell, apampando a komiti, kupempha kuti a Oscar, mphunzitsi yekhayo wa fizikisi pano, tiwachotse. Mlandu wawo? Akuti anataya sabata yathunthu akukangana ndi ana za Gumula, chimphona cha m'makatuni a pafoni chimene chimaphwanya dziko ndi nkhonya imodzi.

Musayang'ane pansi, a Bornwell, dzina munalemba nokha.

Ndinabwera Lachiwiri kudzaona zibwanazo. Ndinapeza bolodi litadzaza masamu mpaka m'mphepete. Anawo anawerengera kuti kumwaza dziko lino kukufuna mphamvu yonse imene dzuwa limatulutsa pafupifupi sabata yathunthu. Mmodzi wa anawo, Meshack, anaumirira kuti, "Gumula ali nayo mphamvuyo!" Lena wa ku Kambombo anamuseka, nati, "Iwe, manje aitenga kuti? Angadye chimanga chonse cha m'Zambia, sangafikeko. Ndipo ukamenya chinthu, nacho chimakumenya chimodzimodzi. Mkono wake ndiwo uyamba kusungunuka!" Ndinafunsa kuti ndi angati a komiti analowapo m'kalasimo. Palibe ndi mmodzi yemwe. Munamvera pawindo, kenako n'kuthamangira cholembera. Ena mwa inu mumatha tsiku lonse pamsika kukangana za mpira, koma mwana akakangana za mphamvu ya dzuwa, mwati wapenga.

Ndikupsa mtima chifukwa zinandichitikira. Ndili giredi faifi ku Tembwe ndinafunsa chifukwa chake mwezi sugwa. Yankho linali zikoti zitatu ndi tsache lokasesa pabwalo. Sindinakwezenso dzanja mpaka kumaliza sukulu, ndipo zimandiwawa mpaka lero. Lena sindimulola kusesa pabwalo limenelo.

Mukufuna labotale yopanda mphunzitsi? Musungiramo chiyani, mbewa?

Yankho la kalata yanu ndi ili: a Oscar sapita kulikonse. A Bornwell, imirirani, bwerani kuno. Makiyi awa atengeni ndi manja awiri, muwapatse a Oscar anthu onse akuona. Eya, choncho. Lolemba mpando wanu ulipo m'kalasi, pafupi ndi Lena, akakufotokozereni za Gumula pang'onopang'ono.

Ndi mawu amenewa, labotale iyi ndaitsegula, mphunzitsi wake ali momwemo.

Zikomo kwambiri.